Kum'mawa komwe kuli kumadzulo

Mapu amene ambirife tinakula nawo amaika Africa pakati, Ulaya pamwamba pake, America kumanzere, Asia kumanja. Ndiye munthu ukamva zoti pali maiko a kum'mawa ndi maiko a kumadzulo sufunsa kawiri, umangoyang'ana papepala n'kuvomera. Ine ndinadzasokonezeka ndili wamkulu kale, tsiku langa lachitatu mumzinda wa Honolulu, nditaima kutsogolo kwa mapu a mtundu wina. Pakati pake panali madzi okhaokha, nyanja ya Pacific, ndi timadontho tochepa totchedwa Hawaii. Japan, China, Philippines ndi Indonesia anali kumanzere, kolowera dzuwa. California ndi Washington anali kumanja, kotulukira dzuwa. Africa anali atamukankhira kumphepete kwenikweni, ngati mlendo wofika anthu atasamba kale m'manja.

Malo amene ndinafikirawo dzina lake ndi East-West Center, kutanthauza pokumanira kum'mawa ndi kumadzulo. Koma ukaima pakhomo pake n'kuloza kumene kuli anthu otchedwa a kum'mawawo, chala chimaloza kumadzulo. Amene anapereka dzinali sanaime pakhomopo. Anali ku Washington, ndipo m'mutu mwawo munali mapu ojambulidwa ku Ulaya.

Ndinapitako kumaphunziro a milungu itatu, amene nkhani yake si ya lero. Anandigoneka ku Lincoln Hall, nyumba ya alendo, ndipo madzulo ambiri ndikaweruka ndinkangoyendayenda mumsewu wotchedwa East-West Road, m'mbali mwa yunivesite ya Hawaii, m'chigwa cha Manoa. Chigwachi n'cha mvula. Imawaza kangapo patsiku dzuwa likuwala, ndipo utawaleza kumeneko ndi wapakhomo, palibe amene amatukula mutu kuuyang'ana kupatula ife alendo. Kuyendayendako n'kumene kunandiputa kuti ndifunse: kodi anaganiza zomanga zonsezi pakati pa nyanja ndani, nanga ankafuna chiyani? Ndakhala ndikuwerenga za malowa kuchokera nthawi imeneyo, ndipo chimene ndapeza n'choti omangawo ankafuna chinthu china, koma chimene chinamera ndi chinanso.

Nkhani imayambira mu 1959. Chaka chimenecho Hawaii anali pafupi kusanduka chigawo cha nambala 50 cha dziko la America, ndipo zinatheka mu Ogasiti. Amene anamenyera kwambiri nkhaniyi ku Washington anali John A. Burns, wapolisi wakale amene ankaimira zilumbazi ku nyumba ya malamulo koma wopanda mphamvu yovota. Burns ankadziwa kuti wopanda voti amadya ndi ubwenzi, choncho anadziphatika kwa Lyndon B. Johnson wa ku Texas, yemwe panthawiyo ankatsogolera aphungu a chipani cha Democratic m'nyumba ya Senate. Kuyunivesite nakonso kunali mphunzitsi wa zojambulajambula, Murray Turnbull, amene kumayambiriro kwa chakacho analemba ganizo loti pakhale koleji ya ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana. Ganizoli silinagwe kumwamba. Kuyambira mu 1939 katswiri wa filosofi Charles A. Moore ankaitanitsa ku Manoa misonkhano ya anthu oganiza mozama a ku Asia ndi a ku America. Nthaka inali yolimalima kale, chimene chinkasowa ndi ndalama.

Mu Epulo 1959 Johnson analankhula ku Washington zoti ku Hawaii kukhazikitsidwe malo okumanirapo anthu ophunzira a mbali ziwirizi. Patangotha chaka, pa 14 Meyi 1960, Pulezidenti Dwight Eisenhower anasainira lamulo lokhazikitsa malowa, ndipo nyumba ya malamulo inapereka madola 10 miliyoni oyambira. Pali kanthu kamodzi kamene sindikufuna mukadumphe. Ndime yokhazikitsa East-West Center sinali m'lamulo la zamaphunziro. Inali m'lamulo lotchedwa Mutual Security Act, la chitetezo ndi thandizo lopita kumaiko akunja, lomwe lomwelo linkagawa zida ndi ndalama kwa abwenzi a America. Izi zikutiuza kumene mtima wa opereka ndalamawo unali.

Inali nthawi ya nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Soviet Union. China anali atalowa chikomyunizimu mu 1949, nkhondo ya ku Korea inali itangozizira mu 1953, ndipo maiko ambiri a ku Asia anali atangolandira ufulu wodzilamulira, akuyang'ana uku ndi uku kuti atsamire kuti. Mu Febuluwale 1960, miyezi itatu Eisenhower asanasaine, a Soviet anali atakhazikitsa ku Moscow yunivesite ya ophunzira a ku Asia, Africa ndi Latin America, imene chaka chotsatira anaipatsa dzina la Patrice Lumumba. Aliyense ankasaka achinyamata anzeru amene mawa adzakhale nduna, akonzi a nyuzipepala ndi akuluakulu a mayunivesite kwawo. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu, ndipo maiko awiriwa ankaika ndithu, ndi cholinga chodzatola.

Nanga bwanji Hawaii, osati Boston kapena Chicago kumene kunali mayunivesite otchuka kale? Yankho lofala n'loti zilumbazi zili pakati pa ulendo. N'zoona, koma ine ndikuonapo chifukwa china. Mu 1960 kum'mwera kwa America munthu wakuda sankaloledwa kukhala pampando umodzi ndi mzungu m'malo odyera. Akazembe a maiko a mu Africa ankakanizidwa chakudya m'malesitilanti a mumsewu wa pakati pa Washington ndi New York, ndipo nkhani zimenezi zinkafika m'manyuzipepala a dziko lonse, a ku Moscow n'kumaziwomba m'manja. M'zigawo zambiri ukwati wa anthu osiyana khungu unali mlandu mpaka mu 1967. Ku Hawaii kunali kwina. Anthu ambiri kumeneko anali zidzukulu za Achina, Ajapani, Akoreya ndi Afilipino, ndipo kukwatirana kwa mitundu sikunali nkhani. Ngati ukufuna kuonetsa mlendo wa ku Asia nkhope yabwino ya dziko lako, umamulowetsa m'chipinda chosesedwa bwino, zinyalala zili kuseri. Hawaii anali chipinda chochezera alendo cha America.

Komatu chipinda chimenechi chinali ndi mwini wake. Hawaii unali ufumu wodziimira pawokha mpaka mu Januwale 1893, pamene gulu la eni mabizinesi, ambiri a iwo a mtundu wa Chimereka, linagwetsa Mfumukazi Liliuokalani asilikali a America atatsikira kumtunda. Mu 1898 America anatenga zilumbazi. Kusakanikirana kwa mitundu kumene Johnson ankanyadira kunachokera m'minda ya nzimbe, kumene eni minda ankaitanitsa antchito kuchokera ku China, Japan, Portugal, Korea ndi Philippines, kuwagoneka m'makomboni osiyana ndi kuwalipira mosiyana kuti asagwirizane. Boma la America linadzapepesa chifukwa chogwetsa ufumuwo mu 1993, patatha zaka 100. Ndipo malo okumaniranapo mitundu aja anadikira mpaka mu 2022 kuti atsogoleredwe ndi munthu wa magazi a eni nthaka, Suzanne Vares-Lum, amenenso anali mayi woyamba paudindowo. Zaka 62. Sindikunena kuti panali chiwembu. Ndikungoti pokamba za kum'mawa ndi kumadzulo, munthu amene anali pakatiyo ankaoneka ngati mphasa yokhalira alendo.

Mu Meyi 1961 Johnson, tsopano ali wachiwiri kwa pulezidenti, anaima ku Honolulu pa ulendo wopita ku Asia n'kukumba dothi loyamba la nyumbazi. Ulendo womwewo unamufikitsa ku Saigon, likulu la South Vietnam panthawiyo. Ndikaganiza za masiku amenewo ndimaona munthu mmodzi atanyamula khasu kudzanja lina, mfuti kudzanja lina, ndipo patangopita zaka zochepa mfutiyo ndiyo inalankhula mokweza.

Nyumbazo anajambula ndi I. M. Pei, wobadwira ku China mu 1917, amene anapita ku America ali mnyamata ndipo pambuyo pake anatchuka ndi piramidi yagalasi ya ku Louvre mumzinda wa Paris. Panthawiyo dzina lake linali lisanamveke chotero. Anamanga ndi konkire yosapaka utoto, yolemera m'maso, ndipo kunena zoona tsiku loyamba sizinandikongolere. Jefferson Hall ili ndi denga lotambalala ngati chipewa chachikulu, ndipo kutsidya kwa msewu kuli nyumba ya zisudzo imene inatsegulidwa kumapeto kwa 1963 n'kupatsidwa dzina la John F. Kennedy, amene anali atangophedwa kumene. Taonaninso maina ake: Jefferson, Lincoln, Kennedy. Nyumba zogona ophunzira ndizo zinapatsidwa maina a Chihawaii, Hale Manoa ndi Hale Kuahine. Hale ndi nyumba, ndipo Kuahine ndi dzina la kamvula kowaza ka m'chigwamo. Mapulezidenti anatenga maholo, chinenero cha eni dziko chinatenga kogona.

Alendo nawo anasiyapo zawo. Kuseri kwa Jefferson Hall kuli munda wa Chijapani umene anaukonza Kenzo Ogata mu 1963, wokhala ndi kamtsinje ndi nsomba zamawangamawanga zonenepa ngati sizidziwa mbedza. Mu 1967 Mfumu Bhumibol ya ku Thailand inapereka kanyumba kopumiramo kosemedwa mwaluso, ndipo chaka chomwecho Affandi wa ku Indonesia ndi Jean Charlot anajambula zithunzi pamakoma a m'kati mwa holoyo. Munda wa Chijapani uja umandikhudza pachifukwa chimodzi: uli pachilumba chomwe chija chimene ndege za Japan zinaphulitsa Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941. Zaka 22 zokha zinali zitadutsa. Amene anaona utsi wa tsikulo anali adakali ndi mphamvu zawo, ena mwina ndiwo ankasenza miyala ya m'mundamo.

Dongosolo lake linali lotere. Bungweli silinkapereka madigiri, ndipo mpaka lero silipereka. Linkapereka sikolashipu, malo ogona ndi mapulogalamu akeake, koma maphunziro ankachitikira ku yunivesite ya Hawaii. Ophunzira a ku Asia ndi zilumba za Pacific ankachuluka kuposa a ku America, pafupifupi awiri pa mmodzi, ndipo ankagonekedwa mosakaniza. Ndalama zinkachokera ku unduna wa zakunja wa America, oyendetsa anali yunivesite ya chigawo cha Hawaii, ndipo aphungu a ku Washington ankafuna kuona zipatso msanga. Mwana wa ambuye atatu ameneyu anavutika. Mtsogoleri woyamba wokhazikika, Alexander Spoehr, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, anangokhalapo pafupifupi zaka ziwiri.

Zonsezi n'zimene mungapeze m'mabuku. Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi khitchini.

Hale Manoa ndi nyumba yosanja ka 13, ndipo m'nsanjika zina mulibe zipinda zogona, muli makhitchini ogawana ndi malo ochezera opita mphepo, poonekera mapiri mbali ina, mzinda ndi nyanja mbali inayo. Mayi wina wa ku Indonesia amene tinali naye m'kalasi anandiitanira chakudya kumeneko Lachisanu lina. Fungo linandilonjera ndisanatuluke m'chikepe: adyo, tsabola, nsomba zouma, mafuta a kokonati, ndi china chake chowawasa chimene ndinadzamva kuti ndi kabichi wa Akoreya. Mapoto ophikira mpunga amagetsi anali ndandanda, lililonse ndi dzina la mwini wake. Mnyamata wa ku Nepal ankakanda ufa, mtsikana wa ku Samoa ankasenda nthochi zosapsa, ndipo anthu awiri ankakangana motsitsa mawu za amene anasiya sinki yodzaza. Panalibe mbendera, panalibe wokamba za mtendere wa dziko lonse. Panali nkhani ya sinki basi.

Patebulo lathu panakhalanso bambo wina wachikulire wa ku Philippines, amene anaphunzirako ali mnyamata ndipo anabwera kudzaona mdzukulu wake. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi inu munkadziwa kuti akukulipirirani sukulu n'cholinga choti mukonde America?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, tinkadziwa tonse, sitinali ana," anatero. "Koma Amereka ndinkawadziwa kale, anatilamulira zaka zambiri. Amene sindinkamudziwa ndi Mjapani. Kwathu tinkangomudziwa ngati msilikali amene anawotcha mudzi. Ndiye ndafika kuno, andipatsa kabati yoyandikana ndi ya Mjapani, ndipo kwa miyezi itatu sindinamupatse moni. Tsiku lina mchere unandithera."

Sanapitirize, ndipo ine sindinafunsenso. Koma mawu amenewo anandisinthira kaonedwe ka mbiri yonse ya malowa. Omanga ankaganiza za mzere umodzi, wochokera ku Asia kupita ku America. Sanaganize kwambiri za mizere yopingasa, ya Mkoreya ndi Mjapani, Mmwenye ndi Mpakistani, munthu wa ku Malaysia ndi wa ku Indonesia pamene maboma awo ankatunduzirana maso m'zaka za 1963 mpaka 1966. India ndi Pakistan anamenyana mu 1965 ndiponso mu 1971. Taganizirani ophunzira a maiko awiriwa akumva nkhani za nkhondoyo pawailesi m'mawa, madzulo n'kudikirirana pa chitofu chimodzi. Atsamunda anali atazolowetsa dziko lililonse kuyang'ana ku London, Paris kapena The Hague, osati kwa mnansi wake. Kwa ambiri a iwo, ulendo woyamba wokumana ndi Asia unachitikira kunja kwa Asia, pa ndalama za msonkho wa Amereka.

Musaganize kuti zonse zinali zokoma ngati chakudya cha Lachisanu lija. Wophunzira akawoloka nyanja, boma lake silimusiya. Chen Yu-hsi wa ku Taiwan anaphunzira pa sikolashipu ya malowa m'zaka za m'ma 1960, kenako anapita ku Japan. Mu 1968 anamubweza kwawo mokakamiza, khoti la asilikali n'kumugamula zaka 7 pa mlandu woukira boma, ndipo zina mwa zimene ankamunena zinali zokhudza zimene ankawerenga ndi kuchita ali ku Hawaii. Aphunzitsi ndi ophunzira a ku Manoa anachita phokoso, ndipo anatulutsidwa mu 1971. Nkhaniyi imandiuza kuti m'khitchini muja, pakati pa ogawana mchere, munkakhalanso makutu a maboma. Unali ufulu wa mbuzi yomangidwa chingwe chachitali: imadya patali ndithu, koma chikhomo chili kwawo.

Kunalinso kukayikirana kwa mtundu wina. Cha mu 1967 zinaululika kuti mabungwe ena a zamaphunziro ndi chikhalidwe, kuphatikizapo Asia Foundation, ankalandira ndalama mobisa kuchokera ku CIA, bungwe la akazitape la America. East-West Center ndalama zake zinali zapoyera, zovomerezedwa ndi nyumba ya malamulo chaka ndi chaka, koma nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, wophunzira wobwerera kwawo ndi digiri ya ku Hawaii ankatha kufunsidwa kuti wagulidwa zingati. Ndipo Johnson yemwe uja, tate wa malo a kumvana, ndiye anali kutumiza ndege zoponya mabomba, pamene ophunzira a ku Manoa ankachita zionetsero zotsutsa nkhondoyo. Walira mvula walira matope: ukaitana achinyamata anzeru n'kuwapatsa laibulale, usadabwe akayamba kukufunsa mafunso.

Nkhani yodziwika kwambiri yochokera pamalowa ndi ya mtsikana wa ku Kansas, Ann Dunham. Ambiri amasokoneza pamenepa, ndiye ndilongosole. Mwamuna wake woyamba, Barack Obama wamkulu wa ku Kenya, anafika ku yunivesite ya Hawaii mu 1959, malowa asanakhazikitsidwe, ndipo sanali wophunzira wa bungweli. Mwana wawo anabadwa ku Honolulu mu Ogasiti 1961, miyezi itatu Johnson atakumba dothi lija. Wa East-West Center anali mwamuna wachiwiri, Lolo Soetoro wa ku Indonesia, amene ankaphunzira za malo ndi mapu. Anakwatirana mu 1965, chaka chimene ku Indonesia kunayamba kuphana koopsa, ndipo Soetoro anayenera kubwerera kwawo. Mu 1967 Ann ndi mwana wake anamutsatira ku Jakarta. Pambuyo pake Ann yemweyo anathandizidwa ndi bungweli pamaphunziro ake, nathera zaka zambiri m'midzi ya ku Java akufufuza za amisiri osula zitsulo, mpaka kulandira digiri ya udokotala mu 1992.

Anthu amakonda nkhaniyi chifukwa cha mwanayo, amene anadzakhala pulezidenti wa America. Ine imandikoka chifukwa cha mayiyo. Malo anamangidwa kuti munthu wa ku Asia atengeke ndi America, koma pano tikuona Mmereka atatengeka ndi Asia, ataphunzira chinenero, atakhala pansi ndi osula makasu n'kumalemba zimene akumuuza. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko kanameta mwini nyumba. Ndikukhulupirira kuti Amereka otere, obwerera kwawo atasinthika, ndiwo phindu lalikulu limene dzikolo linapeza pa ndalama zake, ngakhale silimene linkawerengera.

Cha mu 1970, pansi pa utsogoleri wa Everett Kleinjans, malowa anasintha nkhope. Anagawidwa m'nthambi zofufuza mavuto enieni: kuchuluka kwa anthu, chakudya, kufalitsa nkhani, luso la zopangapanga, ndi kuphunzira zikhalidwe. Mu 1975 anachoka m'manja mwa yunivesite n'kukhala bungwe loima palokha, lokhala ndi bodi yakeyake imene muli anthu a ku America ndi a ku Asia ndi Pacific. Likulu latsopano lotsegulidwa mu 1977 analitcha Burns Hall, pokumbukira wapolisi wakale uja, amene anadzakhala bwanamkubwa wa Hawaii kuyambira mu 1962 mpaka 1974. Pulogalamu ya atolankhani yotchedwa Jefferson Fellowships inali itayamba kale mu 1967, ndipo mu 1980 munabwera ya chitukuko cha zilumba za Pacific, imene imasonkhanitsa atsogoleri a timaiko timene pamapu ambiri sitioneka n'komwe. Ntchito yofufuza za chiwerengero cha anthu inathandiza maiko angapo kukonza kalembera wawo. Ndi ntchito yabwino. Koma mtima wanga uli ndi ophunzira, ndipo ndimaona kuti pamene maofesi a akatswiri ankachuluka, bungweli linkayamba kufanana ndi mabungwe ena ambirimbiri olemba malipoti. Lipoti ungalembere kulikonse. Mchere uja sungabwerekane pa intaneti.

Kenako mdani anafa. Soviet Union itagwa mu 1991, aphungu ku Washington anayamba kufunsa kuti ndalamazi zikupitiranji. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 thandizo la boma linadulidwa pafupifupi ndi theka, antchito ambiri anachotsedwa, ndipo sikolashipu zinachepa. Apa m'pamene cholinga choyamba chija chinaonekera poyera: mantha atatha, chikondi cha kumvana kwa mitundu chinatsika mtengo. Amene anagwira mwendo kuti malowa asamire anali aphungu a ku Hawaii, makamaka Daniel Inouye, mwana wa mbadwa za ku Japan amene anataya mkono akumenyera America ku Italy mu 1945. Charles Morrison, amene anatsogolera kuyambira mu 1998 mpaka 2016, anafunafuna ndalama kwina n'kutsegula ofesi ku Washington mu 2001, kufupi ndi mphika.

Ndiye China atakula mphamvu, malowa anakumbukiridwanso. Mu Januwale 2010 Hillary Clinton, ali nduna ya zakunja, anasankha pomwepa kuti alankhule za mfundo za America pa Asia ndi Pacific. Patapita zaka zochepa, bajeti ya boma la Donald Trump inapempha kuti thandizo lonse lithe, koma nyumba ya malamulo inapitiriza kupereka. Ndi moyo wa chaka ndi chaka, wodalira kuti ku Washington akuopa ndani nyengo imeneyo. Anthu oposa 60,000 adutsa m'mapulogalamu a malowa, ena anadzakhala nduna ndi atsogoleri a maiko, ndipo akuluakulu a bungweli amatchula maina amenewa akamapempha ndalama. Ndikuwamvetsa. Phungu ungamuonetse chithunzi cha nduna, koma sungamuonetse miyezi itatu ya munthu wosapereka moni, ndi tsiku limene anaupereka.

Pali funso limene ndinkalizemba masiku onsewo, loti kodi chinthu chobadwa ndi cholinga chokopa anthu chingakhale choona? Ndinapita ndili wokonzeka kunyoza, monga timachitira tikaona mphatso ya dziko lolemera. Ndinabwerako ndisakunyoza, komanso ndisakuombera m'manja. Cholingacho chinalipo ndipo chidakalipo, palibe amene amachibisa. Koma wolipira amalamulira ndandanda ya maphunziro, maina a maholo ndi amene alandire sikolashipu. Salamulira zimene anthu awiri akambirane usiku akudikira mpunga kuti upse. Mwina Turnbull, mphunzitsi wa zojambula uja, ankadziwa zimenezi kuposa andale amene anamupezera ndalama. Mwinanso Pei ankadziwa, pamene anasiya nsanjika zathunthu kuti anthu azikumanirapo.

Ife a ku Africa m'nkhaniyi mulibe malo athu enieni. Sikolashipu zikuluzikulu za bungweli ndi za anthu a ku America, Asia ndi Pacific, ndipo wa kwina amangodutsa ngati mmene ndinadutsira ine. Sindinadandaule, nyumba ya mwini saotchera mbewa. Koma usiku womaliza, tili m'khitchini muja tikutsuka mbale, mtsikana wa ku Samoa uja anandifunsa akupukuta poto kuti, "Achimwene, kodi inuyo kwanu ndi kum'mawa kapena kumadzulo?" Ndinayamba kuloza kumapiri, kenako kunyanja, n'kuona kuti konseko n'kolakwa ndiponso n'kolondola, pakuti ndege yobwerera kwathu ikhoza kulowera mbali iliyonse, ulendo n'kukhala wautali chimodzimodzi. Ku Honolulu ikamakwana 8 koloko usiku, kwathu imakhala 8 koloko m'mawa. Ndinali nditawerenga kuti ukaboola dziko kuchokera ku Hawaii n'kudutsa pakatikati pake, umakatulukira ku Botswana.

Ndiye ndinaika mbale pansi, n'kuloza simenti ya pakati pa mapazi athu. Anayang'ana pansipo kwakanthawi, n'kusuntha phazi lake pang'ono, ngati waponda munthu.